Mamilimita Makumi Anayi ndi Asanu

Mu shopu ya Ofelia Barragán ku Emporia
matayala alendewera khoma lonse,
ena akuda bii, ena ofiirira m'mbali ngati buledi wopsa bwino,
ndipo fungo la labala limakulonjera pakhomo
mwini wake asanadzutse mutu.

Ndinaloza lopyapyala, losalala ngati chipumi cha khanda.
"Ilo," ndinatero. "Lopepuka, lothamanga."
Ofelia anapukutira girisi pa epuloni
nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Bambo Novotny, njingayi mumakwera kuti?
Sindikufunsa kumene mumakwera mukamalota."

Ndinangoti duu. Ankadziwa kale.
Tauni yonse ikudziwa za chaka chatha
pamene mwala wa m'zitunda za Flint, wakuthwa ngati lumo,
unang'amba tayala langa m'nthiti,
madzi omatira aja, oyera ngati mkaka,
n'kundithira miyendo yonse mbuu.
Ndinapinda dola imodzi n'kutseka pabalapo.
Inapirira mitunda itatu, kenako phwii!
Yotsalayo ndinayenda wapansi, nsapato zili gogodogogodo,
ng'ombe zikundiperekeza ndi maso kuseri kwa waya,
mpaka Merle Hostetler anandikweza kumbuyo kwa galimoto lake
pamodzi ndi thole lodwala ndi matumba a mchere.
Sanandiseke.
Bola akanandiseka.

"Gwirani ili," anatero Ofelia.
Nthiti zokhuthala, pakati posalala pang'ono,
timano tili ndandanda m'mbali
toluma nato nthaka pokhota.
Mamilimita makumi anayi ndi asanu.
Ndinaliyesa m'manja. "Likulemera."
"Magalamu zana kuposa lijalo.
Sangweji imene mumayenda nayo m'thumba imaposa pamenepo."

"Nanga matope?"
Poti mvula ikagwa kuno dongo limamata ngati chiponde,
limadzaza foloko mpaka gudumu kukana kuzungulira,
anthu akuluakulu n'kumalikokota ndi kamtengo, akutukwana.
Anaveka tayala pa limu, nalowetsa chala
pakati pa labala ndi foloko.
"Chala chikalowa, matope adutsa.
Chikakana, mudzasenza njinga paphewa."
Chinalowa. Mothinana, koma chinalowa.

Pa mpweya ndi pomwe tinakangana.
Ine ndinakulira pa tala,
kumene tinkapopa mpaka tayala liti gwa,
ukalikhoma ndi chala lilire ngati botolo.
Iye anadina valavu, tsiii,
nadinanso, tsiii, ine mtima uli m'mwamba.
"Louma limalimbana ndi mwala uliwonse,
limadumpha, limakutsirizani mikono.
Lofewa limaumeza n'kupitirira."
Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi,
bondo lamanzere limandiuza za mvula mitambo isanabwere.
Sindinayankhe. Ndinatulutsa kachikwama.

Loweruka ndinalawirira kusanache
kulowera kumwera, mphepo ili pamphumi monga mwa masiku onse.
Tchire limene anatentha mwezi watha
laphuka msipu wobiriwira wopweteka m'maso.
Miyala pansi panga yasintha mawu:
kale inkalira ngati mbale zikusweka,
lero ikungonong'ona, waa, waa,
ndipo zala zanga zonse khumi ndikuzimva.

Pachitunda chija ndinapazindikira,
pali geti la dzimbiri ndi thanki lomwera ng'ombe.
Ndinagwira mabuleki pang'ono, mantha sachedwa kukumbuka.
Miyala inaluma, inalumanso,
tayala linangoti nyaa, n'kudutsa.

Kutsetsereko ndinakumana ndi Merle.
Anatukula zala ziwiri pa chiwongolero, osaima,
fumbi lake n'kundikuta mano.

Lopyapyala lija likadali pakhoma pa Ofelia,
lachitatu kuchokera pazenera.
Ndikapita kukagula madzi omatira
ndimalisisita ndi chala kamodzi,
iye n'kumachita ngati sakuona.